Wotchi, kope ndi njinga: mmene ena akuyezera mtima ku Area 15

Kumudzi njinga si choseweretsa. Ndiyo ambulansi yathu, ndiyo lole ya makala, ndiyonso imapita kuchigayo. Yanga imandifikitsa kusekondale yoyendera komwe ndimaphunzitsa Biology, makilomita 9 popita ndi 9 pobwera, ndipo palibe adanditchapo katswiri wa masewero. Koma mumzinda wa Lilongwe muli anthu ena, ochepa ndithu, amene Loweruka mbandakucha amasiya galimoto kumpanda n'kukwera njinga popanda katundu, popanda maliro kapena msika woti akafikeko. Anthu a kwathu akamva zimenezi amaseka kuti kukhuta n'kumeneko. Komabe pali chinthu chimodzi chimene anthuwa amachita chomwe ife opalasa tsiku ndi tsiku sitichita. Amadziyeza.

Mmodzi wa iwo ndi alamu anga, a zaka 46, amene amakhala ku Area 15 ndipo amagwira ntchito ya muofesi ku City Centre. Zaka ziwiri zapitazo adawapeza ndi BP yokwera. Bambo awo adamwalira ndi sitiroko asadakwane zaka 60, ndipo alamuwo ali ndi ana atatu, wamng'ono ali sitandade 4. Kuchipatala adawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti achepetse mchere ndipo thupi liziyenda. Kuthamanga kudawakanika chifukwa cha maondo, ndiye adagula njinga yamagiya yogwirapo kale ntchito.

Vuto lawo si lachilendo. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizidwa ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti mwa Amalawi atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi adali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Patchuthi chapitachi ndidakhala kwawo milungu iwiri, ndipo chimene chidandikopa si njingayo ayi, koma kope la masamba 80, longa la ana anga a Fomu 1, limene limakhala pamwamba pa filiji. Mmenemo muli mayeso atatu amene amadzipatsa okha.

Oyamba amachita asadadzuke pabedi. Amaika zala ziwiri pamtsempha wa padzanja n'kuwerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi yathunthu. Munthu wamkulu akakhala phee mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pamphindi. Tsamba loyamba la kope lawo likuonetsa 84, pamene masamba a posachedwa akuonetsa 66 kapena 67. Chifukwa chake n'chimene ndimaphunzitsa m'kalasi: mtima ndi mnofu, ndipo thupi likamapuma umayenera kupopa magazi pafupifupi malita 5 pamphindi. Ukalimba umatulutsa magazi ambiri pakugunda kumodzi, kotero ntchito yomweyo umaimaliza ndi kugunda kochepa. Zili ngati kutunga madzi ndi ndowa m'malo mwa chigubu cha malita awiri.

Achiwiri ndiwo owawa. Kamodzi pa milungu 6 amapita pamsewu wa ku Mchinji, kunja kwa tauni, pamalo omwewo, nthawi yomweyo ya 5:30 mmawa. Akatenthetsa thupi kwa mphindi 15, amapalasa ndi mphamvu zimene angathe kuzisunga kwa mphindi 20 osapumira, kenako n'kulemba mtunda umene ayenda. Opalasa a kunja amachita mayeso a mphindi 20 omwewa ndi kachipangizo koyeza mphamvu ya mwendo, kamene mtengo wake umaposa wa njinga zathu zingapo. Alamu anga alibe. Ali ndi foni yoyeza mtunda basi. Ganizo loyeza munthu ndi wotchi ndi mtunda si latsopano: dokotala wa ku America, Kenneth Cooper, adakonza mayeso othamanga mphindi 12 mu 1968 pofuna kuyeza asilikali a ndege popanda makina.

Achitatu amabwera pompo akangomaliza. Amawerenga kugunda kwa mtima, n'kudikira mphindi imodzi, n'kuwerenganso. Mtima wozolowera ntchito umatsika msanga. Madokotala amati ukatsika ndi ka 12 kokha kapena kuchepera apo, ndi bwino kukaonana nawo. Mayeso amenewa ndidawakonda kwambiri chifukwa safuna ndalama, ndipo amayankha funso limene munthu wa BP amagona nalo: kodi mtimawu ukupita kutsogolo kapena kumbuyo?

Ndidawafunsa chifukwa chimene amavutikira kulemba zonsezi, poti thupi ndi lawo ndipo amalimva okha. Adati: "Alamu, thupi limanama. Tsiku lina umadzuka ukumva ngati mnyamata, mawa ngati nkhalamba. Kope silikondera." Adandionetsa tsamba la mwezi wa Febuluwale pomwe kugunda kwa mmawa kudakwera kufika 78 masiku awiri otsatizana iwo akumva bwinobwino. Sadapalase. Tsiku lachitatu thupi lidatentha, ndipo kuchipatala adawapeza ndi malungo. Kopelo amapitanso nalo kwa dokotala wawo, chifukwa mankhwala ena a BP amachepetsa kugunda kwa mtima, ndipo munthu angadziyese katswiri pamene ndi mapiritsi akugwira ntchito. Chifukwa china sadachinene, koma ndidachiona ndekha: mwana wawo woyamba ndiye amalemba manambala bambo ake akamawerenga, ndipo mulungu ukadutsa tsamba lili loyera amafunsa.

Manambala nawo ali ndi bodza lawo. Mwera wa mu Juni ndi Julayi ukakuwomba kumaso ungakulande mtunda wambiri, dzuwa la mu Okutobala limakweza kugunda kwa mtima, ndipo tayala lopanda mpweya wokwanira limadya mphamvu. N'chifukwa chake pambali pa nambala iliyonse amalembapo za mphepo, tulo ndi chimene adadya dzulo lake. Ndipo mayeso a mphindi 20 aja si a aliyense. Amene amamva kuwawa pachifuwa, chizungulire kapena befu wosadziwika bwino, ayambe waonana ndi achipatala. Kwa ambiri a ife, malangizo a WHO ndi okwanira: mphindi zosachepera 150 pamulungu za ntchito yoti ukupuma mofulumira koma ukutha kulankhula.

Pamsewu womwewo, pamene alamu anga akulimbana ndi wotchi, anyamata ochokera kumidzi amakhala akulowa m'tauni atasanjikiza matumba a makala pakaliyala, njinga yopanda magiya, m'mimba mulibe kanthu. Akabaza nawo amakhala atayamba kale kunyamula anthu. Ndikukhulupirira kuti ena mwa iwo, atawapatsa njinga yopepuka, angawasiye a ku Area 15 kutali osatuluka n'thukuta lomwe. Koma palibe adawagwirapo dzanja kuwerenga mtima wawo. Apa pali zotayika ziwiri. Choyamba, mphamvu za miyendo sizitsimikiza kuti BP ili bwino, ndipo kafukufuku wa 2009 uja adapeza vutoli lili lochuluka kumidzi komwe. Chachiwiri ndi luso limene likuthera m'makala.

Anzathu a ku Rwanda adaliona luso limeneli. Pamene ankamanga timu yawo ya dziko, ena mwa anyamata amene adawatenga adali akabaza, monga Gasore Hategeka amene ankanyamula mbatatesi ndi anthu panjinga. Mu Sepitembala 2025 mzinda wa Kigali udachititsa mpikisano wa dziko lonse wa njinga za pamsewu, koyamba mu Africa. Chaka cha 2024 Biniam Girmay wa ku Eritrea adapambana zigawo zitatu za Tour de France. Ife, pamasewero a Commonwealth ku Glasgow mu 2014, tidaimiridwa ndi Leonard Tsoyo ndi Missi Kathumba, ndipo nkhani imene idamveka kwambiri idali ya njinga zawo zotopa, mpaka shopu ina ya mumzindawo idawathandiza ndi zina zabwino.

Pasukulu pathu pafupifupi theka la ana amabwera panjinga, ena kuchokera kutali kuposa ine. Teremu ikubwerayi tikafika pamutu wa kayendedwe ka magazi, a Fomu 3 sadzangojambula mtima pabolodi. Tili ndi wotchi imodzi mulabu, tili ndi chitunda kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo ahedi avomera kuti tipemphe mlangizi wa zaumoyo abwere ndi makina a BP tsiku loyamba, ayambire aphunzitsife. Mwana aliyense adzakhala ndi tsamba lake: kugunda kwa mtima ali chikhalire, atangofika pamwamba pa chitunda, ndi patatha mphindi imodzi. Tidzabwereza teremu ikamatha. Alamu anga alonjeza makope 40.