Kodi munda wa munthu mmodzi ungaumitse damu?

Ana inu, tsiku lina mukadzadutsa pa boma la Ntcheu mumsewu wa M1, mudzayang'ane mapiri a kumadzulo, cha ku malire a Mozambique. Kumeneko kuli nkhalango ya Mvai, ndipo m'boma lomweli mulinso ina ya Dzonzi. Zonsezi ndi nkhalango zotetezedwa. Si za mfumu kapena za munthu wachuma ayi. Ndi zathu tonse, ndipo a Dipatimenti ya Zankhalango amaziyang'anira m'malo mwathu.

Ku Mvai ndiko kuli damu la Mpira. Madzi ake amatsika okha m'mapaipi kuchoka kumtunda, kudutsa midzi yambiri ya Ntcheu mpaka kukafika ku Balaka. Koma mu 2018 damuli linaphwa. Mipopi inauma, amayi ndi ana n'kumalawirira ku mijigo ndi kumitsinje.

Mvula inachepa, inde. Komanso vuto lina linali kumtunda kwa damulo. Malo amene amatsirira madzi mu Mpira si nkhalango yokhayokha. Mulinso midzi ndi minda ya anthu. Mwini munda atha kunena kuti malowo anamusiyira ndi makolo ake, ndipo sakunama. Kungoti madzi a mvula sadziwa malire a munda.

Taonani mmene zimakhalira. Mvula ikagwa pamene pali miombo, misuku ndi udzu, madontho amayamba agunda masamba, n'kufika pansi mofatsa. Nthaka yofundidwa ndi zinyalala za masamba imamwa madziwo ngati thonje, kenaka n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mu akasupe mpaka m'chilimwe. Koma munthu akagwetsa mitengo, kuotcha makala, n'kulima chimanga kapena kachewere pamalo otsetsereka, madzi amangothamanga pamwamba atasenza dothi. Dothilo limakakhazikika pansi pa damu. Chaka ndi chaka damu limanka lidzaza matope, malo a madzi n'kumachepa. Mwana wa ku Balaka amene sanaonepo mundawo ndi amene amagona ndi ludzu. Zimenezi ine zimandiwawa kwambiri.

M'kati mwa nkhalango yotetezedwa, lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kulima, kumanga kapena kudula mitengo popanda chilolezo. Povuta ndi pa minda yoyandikana nayo, poti eni ake nawonso ayenera kudya. Ku America kuli nkhani yofanana. M'kati mwa mapaki ena otetezedwa ndi boma, monga Zion, muli malo a anthu wamba, ndipo mwini wake atha kufuna kumangapo nyumba. Mu 1964 dzikolo linakhazikitsa thumba la ndalama loti boma lizigulira malo otere kwa amene avomera kugulitsa. Kwathu kuno timadalira kukambirana. Mafumu, alangizi ndi makomiti a m'midzi oona zachilengedwe amalimbikitsa alimi kupanga akalozera, kubzala vetiva ndi mitengo, komanso kusalima m'mbali mwenimweni mwa mtsinje.

Yesani izi kunyumba. Pezani malo awiri otsetsereka, ena a udzu, ena a dothi lopanda kanthu. Thirani ndowa ya madzi pa malo alionse, kenaka muone madzi amene afika kumunsi msanga, ndiponso mtundu wake.