NDALAMA ZA BOMA ZOTHANDIZA ALIMI: AZILANDIRA NDANI?

Ku America, m'dziko la Mississippi, kuli dera lochedwa Sunflower County. Nthaka yace ndi ya m'cigwa, yakuda ndi yaconde, ndipo kwa zaka zambiri thonje ndilo linali cuma ca kumeneko. Mbiri ya dera limeneli iyenera kudziwika kwa awerengi athu, pakuti ionetsa cimene cicitika pamene Boma lipereka thandizo powerenga maekala a munda.

Pofika caka ca 1932 mtengo wa thonje unagwa kufikira masenti 6 pa paundi imodzi. Ndipo m'caka ca 1933 Boma la President Roosevelt linaika lamulo la Agricultural Adjustment Act. Nzeru yace inali yakuti thonje likacepa pa msika mtengo udzakwera. Cotero Boma linayamba kulipira alimi kuti acepetse minda yao. Caka cimeneco thonje la pa maekala 10 miliyoni linafotseredwa ndi mapulawo lisanathyoledwe. Mtengo unakweradi.

Koma ambiri olima thonje ku Sunflower analibe minda yao-yao. Anali anthu akuda okhala pa minda ya Azungu, olima pamodzi ndi akazi ndi ana, ndi kugawana zokolola ndi mwini munda. Ceke ca Boma cinali kupita kwa mwini munda, amene anayenera kugawirako anthu ace. Eni minda ambiri sanatero. Ndipo popeza minda inacepa, anacotsa mabanja amene sanawafunenso. Makomiti a m'dera oyang'anira malipirowa anali m'manja mwa eni minda omwewo. Nanga munthu wolakwiridwa akanakadandaula kwa yani?

Ndalama zimenezi zinathandizanso eni minda kugula matalakita, ndipo itatha nkhondo ya 1939-1945 anafika makina othyola thonje. Anthu zikwi-zikwi anakwera sitima kunka ku Chicago ndi mizinda yina ya kumpoto kukafuna nchito. M'caka ca 1930 mu Sunflower munali anthu oposa 66,000. Pa kalembera wa 2020 sanakwane 26,000.

Taonani anthu awiri a dera limodzi lomweli. Woyamba ndi Bwana James Eastland, amene anali Senator kufikira 1978. Banja lace linali ndi munda woposa maekala 5,000 ku Doddsville, ndipo m'zaka za kumapeto kwa ma 1960 mundawo unalandira madola oposa 100,000 pa caka kucokera ku Boma. Waciwiri ndi Mai Fannie Lou Hamer a ku Ruleville, amene anagwira nchito zaka 18 pa munda wa Mzungu, nacotsedwapo m'caka ca 1962 cifukwa anakayesa kulembetsa dzina kuti azivota. M'caka ca 1969 maiwa anayambitsa bungwe la alimi osauka la Freedom Farm, loyamba ndi maekala 40. Analinso kubwereketsa nkhumba zazikazi kwa mabanja anjala, amene anabweza ana a nkhumba kuti ena apindulenso. Bungwelo linatha m'caka ca 1976 cifukwa ca kusowa ndalama.

Malipiro akuru onga a Bwana Eastland atamveka m'manyuzipepala, anthu anadandaula kwambiri, ndipo m'caka ca 1970 Nyumba ya Malamulo inaika malire akuti mlimi mmodzi asalandire zoposa madola 55,000 pa mbeu imodzi. Lamulo la 2014 linaika malire a madola 125,000 pa munthu. Komabe malipiro ambiri anatsatabe kukula kwa munda, kotero kuti wa munda waukuru ndiye analandira zambiri.

Sitikana kuti mlimi asowa thandizo pamene mitengo yagwa kapena mvula yakana, ndipo ife a m'tauni tidya za m'manja mwace. Koma inu awerengi, mukamva kuti Boma la dziko liri lonse lapereka ndalama zakuti-zakuti kwa alimi, musaombe m'manja msanga. Yambani mwafunsa kuti pa ceke palembedwa dzina la yani: la mwini munda, kapena la munthu wogwira khasu.