Sitolo ya Mandala ku Karonga ndi Eni Ake

Mlendo wofika ku Karonga lero amaona misika, masitolo ndi nyumba zomweramo moŵa. Koma ndi oŵerengeka amene amakumbukira nyumba ya malonda imene inatchukitsa doko limeneli kalelo.

Mbiri yake inayambira ku Glasgow m'chaka cha 1878, pamene Akhristu ena achuma anakhazikitsa kampani yothandiza Mishoni ya Livingstonia. Cholinga chawo chinali chakuti malonda abwino athetse malonda a akapolo. Oyendetsa ntchitoyo kuno anali John Moir ndi mbale wake Frederick, ndipo popeza John ankavala mandala, anthu anaitcha kampaniyo Mandala.

M'chaka cha 1884 kampaniyo inatsegula sitolo m'mbali mwa nyanja ku Karonga, poyambira msewu wa Stevenson woloza ku nyanja ya Tanganyika. Woyang'anira sitoloyo anali Monteith Fotheringham. Amalonda a Chiswahili, monga Mlozi wa ku Mpata, ankabwera ndi minyanga ya njovu nalandira nsalu ndi katundu wina. Koma pakati pa katunduyo panalinso mfuti ndi onga, ndipo cholakwa chinagona pamenepo.

M'chaka cha 1887 Mlozi anaukira Ankhonde, natentha midzi yawo. Ambiri anaphedwa padambo la Kambwe, ena anagwidwa ukapolo. Otsala anathaŵira kwa Fotheringham, amene anawalandira mosaopa. M'mwezi wa November sitolo ija inazingidwa kwa masiku asanu, kufikira Anyakyusa anadza kudzawombola anali m'katimo. Nkhondo inapitirira mpaka 1889, ndipo Frederick Lugard, amene anadzathandiza kampaniyo, anavulala pomenya linga la adani mu 1888. Mtendere weniweni unadza mu December 1895, pamene asilikali a Harry Johnston analanda linga la Mlozi, mwini wake nanyongedwa.

Tiyenera kumlemekeza Fotheringham chifukwa sanatsekere pakhomo othaŵa nkhondo. Komabe tisaiŵale kuti kampani yoyambidwa ndi anthu opemphera inagulitsa zida kwa ogwira akapolo, ndipo nkhondo inafika pakhomo pake pomwe. Akulu anati choipa chitsata mwini.

Inu anyamata amene mukufuna kutsegula okala kapena bala, ndi inu makolo amene mudzawapatsa mpamba, yambani mwadzifunsa: kodi chimene tidzagulitsa chidzamanga mudzi wathu kapena chidzaupasula? Phindu limatha msanga, koma misozi ya ana a mnansi wanu idzakufunsani pamaso pa Mulungu.