Tizingwe ta dzungu tomwe tinaoneka ngati zitsulo za pageti

M'chaka cha 1928 ku Berlin kunatuluka buku la zithunzi 120 lomwe linazunguza anthu mitu. Patsamba lina panali zinthu zopotanapotana ngati zitsulo za pageti zimene mmisiri wowotcherera wachita kuzipinda mofatsa. Sizinali zitsulo. Tinali tizingwe tija timene dzungu limagwirira nato pampanda likamayanga. Patsamba lina panaima zinthu zonga ndodo za mabishopu, mitu yake itapindikira mkati, pomwe zinali nsonga zanthete za chomera chotchedwa fern zisanatambasuke. Bukulo linkatchedwa Urformen der Kunst, ndipo mwini wake, Karl Blossfeldt, anali bambo wa zaka 63 amene ntchito yake yeniyeni inali yauphunzitsi.

Blossfeldt anaphunzira ntchito ali mnyamata pafakitale yosungunula zitsulo ku Mägdesprung, m'mapiri a Harz. Kuyambira mu 1898 ankaphunzitsa ku Berlin achinyamata ofuna kukhala amisiri a zokongoletsa, ndipo chinkamuvuta n'chakuti mphukira imene ankafuna kuti ophunzira aitsanzire inali yaing'ono kwambiri, komanso inkafota phunziro lisanafike pena paliponse. Choncho anadzipangira kamera yakeyake yotha kukulitsa chinthu mpaka maulendo 30. Zomera ankathyola m'mbali mwa misewu ndi njanji, zija wina aliyense amangoziponda, n'kuzisadza masamba osafunika, kenako kuziimika kutsogolo kwa katoni wosalemba kanthu. Kwa zaka pafupifupi 30 zithunzi zake masauzande angapo zinali zipangizo za m'kalasi basi. Mu 1926 Karl Nierendorf, mwini nyumba ina yoonetsera zaluso mumzindawo, anazipachika pakhoma, ndipo anthu anayamba kuziona ngati ntchito ya mmisiri. Blossfeldt anamwalira mu 1932, kutchuka atangokulawa pang'ono.

Luso lomwe iye anathandiza kulikhazikitsa lero limatchedwa macro photography, kujambula chinthu uli pafupi nacho kwambiri. Ambiri olichita amakonda maluwa ndi miyala, ndipo cholinga chawo nthawi zambiri n'choti woona asazindikire msanga chimene akuona. Sapeka kanthu. Amangochotsa zinthu ziwiri zimene diso ndi ubongo zimadalira.

Choyamba ndi msinkhu wa chinthu. Diso la munthu wamkulu limayamba kuona chimbuuzi chinthu chikayandikira kupitirira masentimita 25. Mwana amatha kuchisendeza mpaka masentimita 10, pamene amene wadutsa zaka 40 amayamba kutambasula mkono powerenga uthenga wa pafoni chifukwa lenzi ya m'diso mwake yayamba kuuma. Pamtunda wa masentimita 25 uja, kanthu kochepetsetsa komwe diso lingakalekanitse ndi kanzake n'kolingana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, pafupifupi mamilimita 0.1. Zochepera apo zimangosakanikirana n'kuoneka ngati mtundu umodzi wosalala. Lenzi ya macro imalumpha malire amenewa. Ojambula amati afika pa 1:1 pamene chithunzi chogwera pa sensa ya kamera chili chofanana msinkhu ndi chinthu chenichenicho. Sensa yaikulu ya makamera ambiri ndi mamilimita 36 mulitali ndi 24 mulifupi, kutanthauza kuti kachigawo ka duwa kosaposa chala chachikulu kamadzaza chithunzi chonse. Chithunzicho akachisindikiza kuti chitalike mita imodzi, kachigawo kaja kakula pafupifupi maulendo 28, ndipo tsinde, dzanja, nthaka, zonse zomwe zikanaulula kuti ili ndi duwa zatsala kunja. Ubongo sukonda kukhala wopanda yankho. Umakabwereka kwina: ili ndi phiri, ili ndi lawi la moto, iyi ndi nsalu yoyanikidwa. Ndi khalidwe lomwelija lotionetsa nkhope za anthu m'mitambo, limene akatswiri amalitcha pareidolia.

Chachiwiri ndi kuya. Kamera ikayandikira chinthu, gawo looneka bwinobwino limapyapyala modabwitsa. Pa 1:1, kabowo kolowetsa kuwala katatcheredwa pa f/8, gawo limeneli ndi pafupifupi milimita imodzi yokha. Nsonga ya kamtengo konyamula mungu imaoneka ngwee, koma tsinde la kamtengo komweko lasungunuka kale n'kusanduka utsi wachikasu. Wojambula akapuma mwamphamvu, kapena kamphepo kakangoti pee, milimita ija yasamukira pena. N'chifukwa chake anthu a ntchito imeneyi amalawira m'mamawa mphepo isanadzuke, kamera ataimanga pa miyendo itatu, ndipo ena amachita kutchinga duwa ndi katoni.

Wina angati, bwanji osangochepetsa kabowo kaja kuti kuya kuwonjezeke? Zimathekadi, koma pang'ono. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo kukapanikizidwa pakabowo kakang'ono kwambiri kumamwazikira m'mbali, chithunzi chonse n'kufooka. Apa ndi pamene ojambula amasiyana njira. Ena amavomera chimbuuzicho n'kuchisandutsa utoto wawo: kamzere kamodzi kakuthwa pakati pa mitundu yosungunuka. Ena amalimbana nacho pojambula zithunzi zambiri, chilichonse chitasendezedwa pang'ono, kenako kompyuta n'kutola gawo lakuthwa la chithunzi chilichonse n'kuwalumikiza onse. Levon Biss wa ku Britain anaifikitsa patali njira imeneyi. Pa chionetsero chake cha Microsculpture cha mu 2016, ku Oxford University Museum of Natural History, chithunzi cha kachilombo kamodzi chinkapangidwa kuchokera ku zithunzi pafupifupi 8,000, kamera ikusendera mamilimita 0.01 pa ulendo uliwonse. Pambuyo pake anachitanso zofananazo ndi njere ndi zipatso zosungidwa ku Royal Botanic Garden Edinburgh. Zithunzi zoterezi zimaoneka zenizeni kuposa zachimbuuzi zija, komatu palibe diso lililonse, ngakhale la kachilomboko, limene linaonapo chinthu chili chakuthwa paliponse nthawi imodzi chonchi.

Zomwe lenzi imapeza pa duwa si zokongoletsa chabe. Tsamba la duwa lofiira likakulitsidwa limaoneka ngati veleveti, ndipo likakulitsidwanso kwambiri pa maikulosikopu pamaoneka timitumbira tosongoka tambirimbiri, todzadzana ngati mazira m'thireyi. Kamtumbira kalikonse ndi selo imodzi, ndipo maluwa a mitundu yambiri ya zomera ali ndi maselo otere. Mu 1994 ofufuza a ku John Innes Centre, ku Norwich, anapeza jini yomwe imawapanga m'duwa lotchedwa snapdragon, ndipo anaitcha MIXTA. Jiniyo ikawonongeka maselo amakhala afulati, ndipo duwa limaoneka lotuwa ngakhale utoto wa m'kati mwake uli wochuluka chimodzimodzi, popeza timitumbirato ndi timene timalondolera kuwala kulowa mu utotowo m'malo moti kungonjanja pamwamba. Mu 2009 Heather Whitney ndi Beverley Glover a ku Cambridge anaonetsa ntchito ina ya timitumbira tomweti: njuchi imagwirira pamenepo. Duwa likakhala chogona njuchi sizisankha kwenikweni, koma likaimikidwa chilili zimathamangira la maselo osongoka, chifukwa pa lafulati miyendo imaterereka. Veleveti amene wojambula amamusaka ndi kuwala kochokera cham'mbali ndi makwerero a njuchi.

Dontho la mame, lomwe ojambula amalikonda mpaka kunyanya, nalo lili ndi nkhani yake. Pa tsamba lobiriwira la chomera chotchedwa lotus dontho limabulungika n'kugubuduka, likutenga fumbi lonse, chifukwa tsambalo lili ndi timabampu tokutidwa ndi phula. Wilhelm Barthlott ndi Christoph Neinhuis anafotokoza zimenezi mu 1997. Pa duwa la rozi dontho limabulungikanso, koma laling'ono limakakamira osagwa ngakhale duwalo litazondotsedwa.

Mwala uli ndi ubwino umodzi: sugwedezeka ndi mphepo. Ku Tuscany, pafupi ndi mzinda wa Florence, kumapezeka mwala wa laimu wotchedwa pietra paesina. Akaudula n'kuupukuta pamaoneka mabwinja a mizinda, zipupa zogumuka, nsanja zothyoka, kumwamba kuli mbuu. Palibe anaujambula. Mwalawo unang'ambika timing'alu tambiri, ndipo madzi okhala ndi chitsulo ndi manganese analowa pang'onopang'ono n'kusiya dzimbiri, chigawo chilichonse pakati pa ming'alu chikuyamwa mlingo wakewake, mwakuti mizere ya mtundu inaduka ngati masitepe. Manganese yemweyo ndi amene amalemba timitengo takuda tanthambinthambi pa miyala ina, timene anthu ambiri amaganiza kuti ndi zomera zakale zomwe zinauma mumwala, pomwe simunamerepo kanthu. Mlembi wa ku France Roger Caillois anatolera miyala yotere kwa zaka zambiri ndipo mu 1970 anailembera buku lotchedwa L'Écriture des pierres. Gawo lalikulu la miyala yake lili ku Muséum national d'histoire naturelle ku Paris, ndipo ina inaonetsedwa pakati pa ntchito za amisiri pa chionetsero cha Venice Biennale mu 2013.

Mwala umene ojambula amauthamangira kwambiri ndi agate. Chiphalaphala chotuluka pansi chikamazizira chimasiya timphako momwe munali mpweya, ngati tibowo ta m'buledi. Patapita nthawi madzi onyamula silica amalowa m'timphakomo n'kumata khoma, mkuta pamwamba pa mkuta, kuyambira kunja kulowa mkati, ndipo pakati nthawi zina pamatsala malo pomwe pamamera nsangalabwi zosongoka. Kachidutswa kopyapyala kakaunikiridwa kuchokera kumbuyo, mizereyo imaoneka ngati gombe la nyanja ukaliona uli m'ndege. Mwala umenewu uliponso kwathu kuno: ku Ngabu, m'chigwa cha Shire, kumakumbidwa agate wobiriwira motuwira ngati thambo. Koma woona zithunzi achenjere ndi agate wapinki wowala kapena wobiriwira mothobwa m'maso. Mwalawu umayamwa utoto, ndipo amisiri a ku Idar-Oberstein ku Germany anayamba kale m'zaka za m'ma 1800 kuunyika. Chithunzi cha mwala wonyikidwa chingakongole, kungoti chikunena za fakitale osati za pansi pa nthaka.

Mitundu yodabwitsa zedi ya miyala siichokera ku utoto uliwonse. Mu 1849 Henry Clifton Sorby wa ku Sheffield anayamba kupera tizidutswa ta miyala mpaka kuwala kutamadutsa, anzake akumuseka kuti akufuna kuphunzira mapiri ndi maikulosikopu. Lero kachidutswa kotere kamamatidwa pagalasi n'kuperedwa kufika pa mamilimita 0.03, kupyapyala kuposa tsitsi. Pongokayang'ana ndi maso n'kotuwa, kosasangalatsa. Akakaika pakati pa masefa awiri a kuwala opingasana, omwe paokha salola kuwala kudutsa, mwala umayaka. Makrisitalo ambiri amagawa kuwala kukhala magawo awiri oyenda pa liwiro losiyana, ndipo akakumananso mitundu ina imazimitsana, ina n'kutsala. Nsangalabwi imatuluka yotuwa kapena yoyera. Olivine, yemwe m'dzanja ndi wobiriwira ngati msipu, amatuluka wofiirira, wachikasu, wabuluu. Wophunzira za miyala amawerenga mitundu imeneyi kuti adziwe dzina la mwala, koma Bernardo Cesare, pulofesa wa za miyala pa yunivesite ya Padua ku Italy, amaijambulanso ngati zaluso, ndipo zithunzi zake zaonekapo pa mpikisano wa Nikon Small World wa zithunzi za pa maikulosikopu.

Pa maikulosikopu yotere, kathebulo koikapo galasi kamazungulira. Kakamatembenuzidwa, makrisitalo ambiri amawala, kenako amazilala mpaka kuda bii, kanayi pa kuzungulira kumodzi, pa madigiri 90 alionse. Makrisitalo a mumwala umodzi anagona moloza mbali zosiyanasiyana, choncho sazima nthawi imodzi: iyi ikamada, yoyandikana nayo ikuyaka. Wojambula amakhala chala chili pamphepete mwa kathebuloko, akusendeza digiri imodzi, ziwiri, kubwereranso pang'ono, kufikira mdima utagwera pomwe akuufuna.