Mawu Ofotokozera Kubweza Katundu Wogulidwa pa Intaneti

Wogula pamsika amagwira nsalu, kuyesa nsapato ndi kuona mbale asanapereke ndalama. Wogula pa intaneti alibe mwayi umenewu. Chimene amadalira ndi chithunzi komanso mawu amene wogulitsa walemba pa Facebook, pa WhatsApp kapena pa eBay. Katundu akafika wosiyana ndi mawuwo, mlandu umayamba, ndipo alembi a nkhani za malonda amasowa mawu oyenera.

Choyamba ndi mneni "bweza". Mneniyu amasintha tanthauzo malinga ndi msintho wake. Wogula "amabweza" katundu. Wogulitsa "amabwezera" wogula ndalama, umene uli msintho womchitira. Wogula "amabwezeredwa" ndalama, ndipo apa msintho womchitira waphatikizana ndi wochitidwa. Chiganizo chakuti "wogula adzabweza ndalama" chimatembenuza nkhani yonse, pakuti chimaika ngongole pa munthu amene walakwiridwa. "Kusinthitsa" ndi mawu enanso: wosinthitsa amalandira katundu wina m'malo mwa woyambayo, osati ndalama.

Chachiwiri ndi chifukwa chobwezera. Zifukwa zilipo zitatu, ndipo chilichonse chiyenera kukhala ndi dzina lakelake. "Katundu wosagwirizana ndi kafotokozedwe" ndi amene sali monga wogulitsa adanenera, mwachitsanzo foni yotchedwa yatsopano pamene ndi yogwiritsidwa kale ntchito. "Katundu wachilema" ndi amene sagwira ntchito kapena wafika wosweka. "Kusintha maganizo" ndi pamene katundu ali bwinobwino koma wogula sakumufunanso. Mawu akuti "katundu wabodza" asungidwire zinthu zongoyerekeza zenizeni, pakuti malaya ofiira otumizidwa m'malo mwa obiriwira si abodza.

Kusiyanitsa kumeneku kuli ndi maziko m'malamulo. Ku Britain, lamulo la Consumer Rights Act la mu 2015 limapatsa munthu wogula kwa wamalonda masiku 30 oti akane katundu wosagwirizana ndi kafotokozedwe ndi kubwezeredwa ndalama zake zonse, ndipo mtengo woyenera wotumizira katunduyo umagwera wogulitsa. Wongosintha maganizo amatetezedwa ndi malamulo ena a mu 2013, amene amamupatsa masiku 14, koma kawirikawiri amalipira yekha mtengo wotumizira. Ku South Africa, lamulo la mu 2002 loona za malonda a pa makina limapereka masiku 7 osinthira maganizo, ndipo nakonso wogula ndiye amalipira zotumizira. Choncho womasulira akalemba "katundu amene simunamukonde" pamene gwero likunena za katundu wosagwirizana ndi kafotokozedwe, amalanda wowerenga masiku ena ndi kumusenzetsa mtengo umene si wake. Zimenezi zimakhudza Amalawi okhala m'maiko amenewo ndi abale amene amawaoderako katundu.

Ku Malawi, lamulo la Sale of Goods Act limanena kuti katundu wogulitsidwa mwa kufotokoza ayenera kugwirizana ndi kafotokozedweko. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Maina a malamulo ndi mabungwe otere alembedwe monga alili, kuti wofuna thandizo awapeze mosavuta, koma ntchito yake ilongosoledwe m'Chichewa.

Chachitatu ndi umboni. "Lisiti" ndi mawu obwerekera amene adakhazikika kale, ndipo palibe chifukwa chowapangira ena. Uthenga wotsimikiza malipiro wa Airtel Money kapena Mpamba ndi umboninso. Wogula asunge chithunzi cha zimene wogulitsa adalemba, popeza wogulitsa angathe kuzifufuta, ndipo ajambule katunduyo atangomasula phukusi.

Pa kalembedwe, mawu akuti "wogula" ndi "wogulitsa" amachokera ku "wa kugula" ndi "wa kugulitsa", choncho amanena za munthu mmodzi. Ambiri ndi "ogula" ndi "ogulitsa". Mlembi akasankha "ogulitsa" pofuna kupereka ulemu, asasinthe pakati pa nkhani, kuti wowerenga asaganize kuti anthuwo achuluka.

Akonzi aonetsetse kuti chiganizo chilichonse chikuyankha mafunso atatu: akubweza ndani, akubweza chiyani, ndipo pa chifukwa chiti. Aphunzitsi angagwiritse ntchito mneni "bweza" pophunzitsa misintho ya aneni, popeza pano kulakwitsa msintho kumatayitsa munthu ndalama.