Mombezi ikauma, Chilwa amamva ludzu

Mitsinje ya Mombezi ndi Namadzi imadutsa m'boma la Chiradzulu, ndipo madzi ake amakathera ku nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe potulukira madzi. Imamwa zomwe mitsinje yabweretsa, dzuwa n'kumachotsapo gawo lake tsiku ndi tsiku. Choncho kutentha kukakwera, monga momwe kunakwerera ndi madigiri 0.9 m'Malawi pakati pa 1960 ndi 2006, Chilwa amayamba kale kubwerera m'mbuyo.

Nyanjayi inaumapo mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anatsala ali gone pamatope ong'aluka. Matemba, makumba ndi milamba zimapulumukira kuti pa nthawi yotere? Zimathawira m'maiwe akuya a m'mitsinje, n'kudikira mvula. Madzi akabwerera, nsomba za m'maiwezo ndi zomwe zimakaswana n'kudzazanso nyanja. Atsekwe, akakowa ndi mbalame zina, zomwe zinachititsa kuti Chilwa alembedwe m'pangano loteteza madambo la Ramsar mu 1997, nazo zimatsatira madziwo. Akasowa, zimasamuka.

Vuto n'lakuti mvula ya masiku ano ikubwera mwaukali kapena osabwera n'komwe. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri, matope ndi miyala n'kukwirira mudzi wa Ntauchira kwa mfumu yaikulu Likoswe ku Chiradzulu. Patangotha chaka, ng'amba ya El Niño inapsereza chimanga, boma n'kulengeza kuti maboma 23 agwa m'ngozi. Mtsinje suchira ku nkhonya ziwiri zotsatizana chonchi. Chigumula chimakokolola dothi la m'mapiri ometedwa mpala n'kulithira m'maiwe, ndipo ng'amba ikafika imapeza dziwe lomwe munkamira munthu wamkulu lasanduka mchenga wofika m'akakolo. Nsomba zilibenso pobisala.

Palibe angadzudzule mayi wolima dimba la tomato ndi mpiru m'mbali mwa Mombezi, pakuti minda ku Chiradzulu ndi yochepa kwambiri. Koma khasu likafika mpaka m'madzi, bango ndi nsungwi zomwe zimagwira gombe zimatha, ndipo chaka chamawa dimbalo limapita ndi madzi.

Kutentha kwa dziko sikunayambire ku Chiradzulu, koma maiwe a Mombezi ndi Namadzi angatetezedwe ndi anthu akomweko. Mafumu ndi makomiti a m'midzi asiye malire osalima m'mphepete mwa mitsinje, abzalemo nsungwi ndi mitengo yachilengedwe mvula ya chaka chino isanathe.