Mwana wowerengera agogo uthenga aphunzire kufunsa

Madzulo m'makomboni a m'mafamu a ku Bindura, Mvurwi ndi Banket, foni ikalira, agogo ambiri satsegula okha uthengawo. Amaitana mdzukulu wa Giredi 5 kapena 6 kuti awawerengere ndi kuwamasulira m'Chichewa. Kale anali makalata ochokera ku Dedza kapena ku Tete. Lero ndi mauthenga a pa WhatsApp: wina wonena za mankhwala ochiza matenda onse, wina wolonjeza feteleza waulere kwa amene atumize kaye ndalama. Zonsezi zimalowa m'nyumba kudzera pakamwa pa mwana, ndipo chimene iye wakhulupirira banja lonse limagona nacho.

Mabanja ambiri m'mafamu a ku Mashonaland ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kukagwira ntchito m'minda ya fodya ndi chimanga. Chaka cha 2000 chisanafike, m'mafamu akuluakulu a dzikolo munali antchito oposa 300,000, ndipo ambiri mwa akuluakuluwo sukulu anangoidutsa panja. Malo atayamba kugawidwa m'chakacho, ochuluka anachotsedwa ntchito, ndipo ana ena anayamba kuphunzirira m'mabalani a fodya. Kunyumba kotereku, mwana wodziwa kuwerenga ndiye nyuzipepala ya banja.

Kuopsa kwa nkhani za m'maluwa kukuonekera bwino pa nkhani ya unzika. Lamulo la mu 2001 linachititsa anthu ambiri obadwa kwa makolo akunja kutaya unzika wa Zimbabwe, ndipo ziphaso zawo zinkawasonyeza kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013, pa ndime 43, anakonza zimenezi: munthu amene anabadwira ku Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lake lili nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala m'dzikomo pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Komabe mphekesera siitha tsiku limene lamulo lasintha. Gogo amene akuopabe kupita ku ofesi ya kalembera, mdzukulu wake amavutika kupeza chiphaso cha kubadwa, chimene chimafunidwa kusukulu.

Phunziro lofunika pano silifuna kompyuta. Mphunzitsi kapena mlangizi wa m'dera angayambe ndi pepala la nyuzipepala limene anakulungira matemba. Ana apeze tsiku limene inatuluka, aone amene akulankhula m'nkhaniyo, asiyanitse nkhani yeniyeni ndi malonda. Kenako abwere ndi uthenga umodzi wa pa foni ya kwawo, aufunse chimodzimodzi. Wanena ndani? Wanena liti? Iyeyo apindulapo chiyani tikamukhulupirira? Uthenga wosowa mwini wake, koma wokakamiza kuti utumizidwe msanga kwa anthu khumi, ana amauzindikira mofulumira kuposa akulu, pakuti masewera onamizana amawadziwa.

Pofufuzira pali pafupi. Wailesi ya National FM imaulutsa mapologalamu ena m'Chichewa, chimodzi mwa ziyankhulo 16 zovomerezeka m'dzikolo. Za mbewu ndi feteleza, mlangizi wa zaulimi alipo. Za matenda, namwino alipo. Kolera ya mu 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000, choncho si nkhani yochepa mwana kudziwa kuti madzi a shuga ndi mchere ali ndi muyezo wake: mamililita 750 a madzi aukhondo, masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni ya mchere. Amene waloweza zimenezi sangapusitsidwe ndi uthenga wonena zina.

Mwana amakayikira bwino nkhani ngati iye mwini anailembapo. Mu 2000, bungwe la Save the Children pamodzi ndi osindikiza a Weaver Press ku Harare anatulutsa buku la Children in Our Midst, momwe ana a antchito a m'mafamu anafotokoza okha za moyo wawo. Sukulu ina iliyonse ingachite zofananazo ndi pepala limodzi lomata pakhoma: ana awiri alembe za mjigo umene wawonongeka, kenako kalasi ione chifukwa chake nkhani ziwirizo zasiyana.

Chovuta ndi mantha a akuluakulu, ndipo ali ndi chifukwa. Mu 2013 apolisi ankalanda mawailesi otha kumva nyumba zoulutsira mawu zakunja, ndipo anthu a m'mafamu anaphunzira kuti kufunsafunsa kumaputa mavuto. Komanso mwana wotsutsa agogo pagulu amatchedwa wamwano. N'chifukwa chake mlangizi wanzeru amayamba wakambirana ndi makolo ndi a komiti ya sukulu, amayambira pa mtengo wa fodya ndi masiku a katemera osati ndale, ndipo amaphunzitsa mwana kunena mwaulemu kuti agogo adikire kaye, mawa akafunse kuchipatala asanatumize ndalama.